Amuna anga akupisa dzanja pansi pa thirakitala ikulira

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Mpingwe. Amuna anga, a Godfrey, ndi amene amaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu. Atapuma pantchito anagula kathirakitala kakale kotchetchera kapinga. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wathu Annette, ndipo bambo ake anenetsa kuti chichitikira pakapinga wapakhomo, za holo ayi.

Tsono kathirakitalako kakumeta kapinga ngati lumo lobuntha: uku kapala mpaka dothi, uku kasiya. Kakatentha, mipeni imasiya kuzungulira, lamba wozungulitsa mipeniyo n'kumanunkha. Iwo akuti ndi kilatchi. Pofuna kuonetsetsa, anamanga ndi waya switchi ya pansi pa mpando, ija imazimitsa injini munthu akatsika. Pano amagona chafufumimba paudzu, injini ikulira, dzanja lili pafupi ndi mipeni. Nditawaletsa anangoti, "Make Annette, makinawa ndimawadziwa ine." Mtima wanga suli m'malo. Nditani?

F.K., Mpingwe

Mayi F.K.,

Tiyambe ndi wayayo. Achotsedwe lero. Aliyense wofuna kusuzumira pansi pa makinawo azimitse injini, kiyi aike m'thumba, azulenso waya wa pulagi. Matenda amenewa amapezeka bwinobwino injini ili zii.

Za kumeta mokhota, ndikukayika ngati kilatchi ili ndi mlandu. Ku Mpingwe malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo ngati bambowo amayezera chimbale cha mipeni pakapinga pomwepo, adzayeza mpaka Khirisimasi. Aimike thirakitalayo pasimenti yosalala, yosatsetsereka. Ayambe ndi matayala, mpweya ufanane mbali zonse, ayeze ndi geji osati kudina ndi chala. Kenako ayeze kuchokera pansi kufika kunsonga ya mpeni, kumanja ndi kumanzere, n'kumanga kapena kumasula manati okoleka chimbalecho mpaka zifanane. Kutsogolo kutsike pang'ono chabe kuposa kumbuyo.

Lamba akanunkha ndiye kuti akuterereka. Apale udzu ndi matope zomwe zaumira kunsi kwa chimbale, aone ngati chingwe kapena waya sizinakulungike pomwe mipeni imazungulira. Lamba wonyezimira kapena wong'aluka ndi wotha, agule wina. Aonenso sipuling'i yomukoka. Ndipo asamatchetche udzu wonyowa ndi mame.

Zonsezi zikakhala bwino koma mipeni n'kumaimabe makina akatentha, apo ndiye tikambe za kilatchi. Ngati ili yamagetsi, batire yofooka imaichititsa kutaya mipeni, ndiye ayezetse batireyo kaye. Ikapezeka yabwino, kilatchiyo yadyeka, aitane makaniko wa ku Limbe. Pamenepo ulemu wawo suchepa.

Inuyo musawakalipire ali pansi pa makina, munthu wodzidzimuka amaponya dzanja paliponse. Dikirani akhale pansi, amwe tiyi. Akakana, auzeni ankhoswe anu, nkhaniyi ndi yabanja ndithu. Zikavutitsitsa, anthu otchetcha ndi zikwakwa alipo, kapingayo angathe tsiku limodzi.

Chenjezo langa ndi ili: kiyi asakhale pathirakitalapo mpaka waya uja atachoka. Alendo akadya n'kuvina, za kapinga wokhota adzaiwala asanafike pageti. Koma chikatha chinkhoswe kukubwera ukwati, ndipo Annette akuyembekeza kulowa m'tchalitchi bambo ake ali pakiyibodi. Kawauzeni kuti nyimbo imeneyo ikufuna zala zonse khumi.

Aphungu