Tsiku Limene Achibale Anagwetsa Seva ya Mrunal

Kothrud, Pune
Lachiwiri, 11 Febuluwale

Okondedwa amake Tanmay,

Ndikukulonjerani ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko ku Muscat? Maondo aja akulola kukwera masitepe? Nanga Tanmay ndi mpongozi wathu Ketaki? Kamdzukulu ndakaona pa chithunzi. Mphuno ndi yanga, chipumi ndi changa, kulira kokhako ndiye n'kwa kwanu.

Kuno tili bwino. Ku shopu mwezi uno ndakonza mapoto a mluzu, aja ophikira ndi nthunzi, ochuluka moti theka la Pune likudya chifukwa cha manja angawa. Ndikuphika ndekha, ndikuchapa ndekha, ndipo mwa maluwa anu awiri okha ndiwo auma.

Mukudabwa kuti ndalemba pepala foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu ndisanafike pamene pali chilungamo changa. Ndiye kalatayi ndapatsira anzathu a Deshmane, amene akukwera ndege yobwera kumeneko mawa. Khandalo mulipereke kwa amake, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi yakuti mwana wathu wamkazi Mrunal sakundiyankhula. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Mlandu wanga ndi chikondi basi, koma ndifotokoze mwadongosolo.

Mukudziwa kuti miyezi isanu yonseyi wakhala akugogoda laputopu mpaka zilembo zina kufufutika. Anthu a ntchito yakeyi akamamanga webusaiti sayambira pansi. Amatenga chimango chopangidwa kale, amachitcha fulemuweki, iwo n'kumangokolekapo zawo. Mrunal anapanga kachida kake komangirira pa chimango chotero, kolola anthu ambiri kulemba pa tsamba limodzi nthawi imodzi, aliyense n'kumaona za mnzake pompopompo. Ine ndinamuuza kuti zimenezo azakhali ake amachita pa ukwati uliwonse popanda laputopu, koma sanaseke.

Ndiye anamusankha kuti akayankhule pa msonkhano waukulu wa opanga mapulogalamu, mu hotelo ina ku Baner. Anamusankha mwa anthu chikwi. Iye amati anali mazana awiri, koma mwana ameneyu sadziwa kuwerenga ulemerero. Anayeserera nkhani yakeyo pamaso panga kamakumi awiri, ine nditakhala pa sofa ngati khamu. Chapakati pake ankaonetsa linki, n'kunena kuti apa anthu a muholo adzatulutsa mafoni, adzalemba chilichonse, ndipo mawu awo adzatuluka pa sikirini yaikulu kutsogolo. Linki imeneyo ndinaikopera kuseri kwa lisiti.

Woyankhula aliyense amaloledwa mlendo mmodzi. Anandipatsa chiphaso chopachika m'khosi ndi malamulo atatu: ndisafunse funso, ndisauze munthu kuti ndine bambo ake, ndisavale jekete yonyezimira ya pa ukwati wa Tanmay. Onse atatu ndinasunga. Zimenezi muzikumbukire poweruza.

Loweruka tinafika m'mawa, ndipo amake Tanmay, anthu amenewa mukanawaona. Anyamata ndevu pepeya, makabudula, zikwama kumsana, kukangana pa tebulo la tiyi ngati amalimbirana malire a munda. Wina amati chimango cha mnzakeyo chinafa chaka chatha, angochedwa kuchiika m'manda. Winayo amvekere chako n'chadzulodzuloli, sichinamere n'mano omwe, pofika chikondwerero cha Diwali udzakhala ukulira. Kenaka onse anatembenukira kwa ine, ati amalume, inu mumagwiritsa ntchito chiti?

Ndinasisita chibwano, n'kuyankha mawu amene ndimamumva Mrunal akunena pa foni, kuti zimatengera ntchito yake. Wina anagwedeza mutu, ati apa payankhula munthu amene waona zambiri. Mawu omwewo ndinayenda nawo matebulo onse a makampani, ndipo pofika 11 koloko ndinali ndi matisheti anayi, makapu awiri, zomata zodzaza thumba, kampani ina itatsala pang'ono kundilemba ubwana.

Tsopano ndibwerere ku Lachisanu, chifukwa ndi kumene kuli kachinthu.

Ine ndinkada nkhawa. Ndinati nanga anthu akakhala aulesi, tsamba la mwana wanga n'kukhala mbee pamaso pa dziko? Makamaka poti ku msonkhanoko kunkabwera akuluakulu atatu a kampani ya ku Bengaluru imene Mrunal wakhala akuilota. Ndiye linki ija ndinaitumiza m'magulu atatu okha a pa Watsapu: la banja lathu lonse la a Salunkhe, la amalonda a mumsika mwathu, ndi la anzanga amene timakumana ku paki m'mawa kukaseka mokweza kuti tikhale athanzi. Ndinati Loweruka, 11:15, aliyense alembe mawu odalitsa mwana wathu. Pansi pake ndinawonjezera kuti tumizaniko ena. Mawu awiri omalizawo ndikuvomera kuti anali owonjeza.

Nthawi itakwana, Mrunal anakwera pa nsanja. Chingerezi chake chinkathamanga ngati sitima ya ku Mumbai, osaima pa siteshoni iliyonse. Ine sindinamve kanthu koma ndinkagwirizana nazo zonse. Pambali panga panali mkulu wina wa imvi zomanga kumbuyo. Ataona kuti mwanayo akufuna kuyesa chidacho pamaso pa anthu, anandinong'oneza kuti mtsikanayu ngolimba mtima, iwo ntchitoyi agwira zaka makumi awiri ndipo amangoonetsa kanema wojambuliratu, chifukwa kuyesa pagulu n'kuputa milungu. Ine ndinati musadere nkhawa achimwene, zonse zakonzedwa.

Anthu anatulutsa mafoni. Pa sikirini, yaikulu ngati basi, panayamba kutuluka mawu a anthu a muholo, timoni, tinthabwala tawo tosaseketsa. Zinayenda bwino kwa mphindi imodzi yathunthu.

Kenaka panatuluka chithunzi cha duwa lofiira, pansi pake polembedwa kuti m'mawa wabwino. Kenaka maluwa ena khumi. Kenaka mlongo wanga Vatsala analemba kuti Mrunal wadya kodi, pa chithunzi cha msonkhano akuoneka wowonda, komanso kuli mnyamata ku Nashik, dokotala wa mano, wamtali, sadya nyama. Anzanga a ku paki, anthu makumi asanu ndi limodzi, analemba ha ha ha ho ho ho, monga timachitira m'mawa. Mayi wina wa mumsika anafunsa ngati ineyo, a Digambar, ndakonza poto wake wa Lolemba uja.

Poyamba holo inkaganiza kuti ndi sewero lokonzedwa. Mkulu wa imvi uja anati ha, mtsikanayu ali ndi nzeru, wayerekezera bwino anthu wamba. Koma ine ndinaona makutu a Mrunal akufiira ngati mmene amachitira anu.

Apa ndikufuna mundimvetse. Bhalerao, mnansi wathu uja amene sangaone mbuzi ya mnzake itabala, anaika chithunzi cha mwana wake atavala mkanjo wa ku yunivesite. Pa tsamba la mwana wanga, pa tsiku la mwana wanga. Sindikanalola. Ndinatulutsa foni n'kuika chithunzi cha Mrunal.

Vatsala ndinamuuza kuti ndinkafuna kuika cha mkanjo, chala chinangoterereka. Kwa inu ndinena zoona: sichinaterereke. Ndinaika chija cha ku Jejuri, ali ndi zaka zinayi, mutu wometedwa mpala, thupi lonse lachikasu ndi ufa wa pakachisi, atakhala mu ndowa akulira. Chithunzi chimenecho ndimachikonda kuposa zonse. Pa sikirini ija ndowayo inali yaikulu ngati rikisho, kagalimoto ka matayala atatu kaja.

Holo inaphulika ndi kuseka. Ndiye zinthu zinaima, mawu osayendanso. Mkulu uja anati basi, seva yagwa. Seva ndi kompyuta ina ya kutali imene imasenza zonsezi. Mrunal anabwereka yaing'ono, yokwanira anthu mazana anayi a muholo. Ine ndinamutumizira dziko lonse, kuyambira ku Kolhapur mpaka ku Dubai. Pambuyo pake ndinamva kuti anali anthu zikwi zitatu, ndipo aka n'koyamba m'moyo wanga kutchula nambala yoona anthu n'kumati ndikukokomeza.

Uthenga womaliza umene unatsala uli njo pa sikirini unali wa Bhalerao yemweyo: Digambar Salunkhe anati tilembe 11:15, ine ndalemba.

Mrunal anauwerenga. Kenaka ananena mu maikolofoni kuti amenewo ndi bambo anga, ali mzere wachisanu ndi chiwiri, ndi amene anyamula matisheti anayi. Ndiye muone kuti lamulo lachiwiri lija anaswa yekha. Anthu anaomba m'manja, ine ndinaimirira pang'ono chabe n'kukweza dzanja, poti ulemu sukanidwa.

Zimene anachita kenaka sindidzaziiwala. Anakhala pa laputopu, anthu onse akuona zimene akulemba. Anadzutsa seva ija, anatseka khomo kuti azilemba a muholo okha, anachotsa ndowa. Mphindi zisanu ndi imodzi. Koma nthawi yake inali itadyeka. Wosunga nthawi anakweza chikwangwani mwanayo asanafike pa gawo limene ankalikonda kwambiri, lija ankati likawagwetsa pampando. Akuluakulu a ku Bengaluru anali atatuluka kale, pa nthawi ya dokotala wa mano.

Tinabwerera pa rikisho, ndipo kunyumba anadya buledi wa bhakri amene ndinaphika. Lamlungu anafunsa yekha ngati dokotala uja alidi wamtali, n'kuseka pang'ono. Ndinaona kuti mlandu ukuphwa. Ukanathera pomwepo, kalatayi simukanailandira.

Lolemba masana foni yake inalira. Anali mayi wina, mkulu wa kampani ya ku Hyderabad, amene anali muholo muja. Akuti okamba bwino wawaona ambiri, koma iye akufuna munthu wokonza chinthu chakugwa anthu mazana anayi akumuyang'ana. Anamupatsa ntchito, yabwino kuposa ya ku Bengaluru.

Mwana anatuluka kuchipinda maso ali ndi misozi. Sanayambe waimbira inu, sanayambe waimbira anzake. Anabwera kwa ine. Anati ababa, andilemba.

Ndipo ine, mwamuna wanu, ndinati waona, ntchito imeneyo ndakupezera ndine. Sindinalekere pomwepo. Ndinatuluka pakhonde n'kuitana Bhalerao kuti amve mmene bambo wanzeru amapezera mwana wake ntchito ndi foni imodzi.

Nditabwerera m'nyumba ndinamupeza ataima pomwe ndinamusiya. Anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti miyezi isanu, ababa. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa. Akanamenyetsa bwenzi zili bwino. Mawu amenewo ndiwo omaliza amene ndamva kwa iye.

Chiyambire tsikulo timayankhulana ndi timapepala tomata pa filiji. Gasi watha. Madzi abwera 4 koloko. Musatsuke kapu yanga. Ndamugulira misal, ndiwo ya tsabola ija, ku malo amene amakonda, anadya n'kusiya kapepala koti zikomo, ngati ndine mnyamata wa pa hotelo. Ndakonza fani ya kuchipinda kwake imene sinawonongeke n'komwe. Ndatuluka m'magulu onse atatu a pa Watsapu, koma andibwezamo kawiri, akuti popanda ine mulibe nkhani.

Musaganize kuti sindinayese kupepesa. Dzulo ndinaima pa chitseko chake mawu nditawakonza bwino, nditawayeserera ku shopu pamaso pa mapoto. Ndinagogoda. Atatsegula, chimene chinatuluka m'kamwa mwangamu n'chakuti biriyani ya ku Hyderabad imangotchuka chabe, ya kuno ndiye yeniyeni. Anadikira pang'ono kuti mwina pali zina. Panalibe. Anatseka.

Amake Tanmay, mwakhala nane zaka makumi atatu ndi chimodzi, pakamwa panga mukupadziwa. Ndi poto wa mluzu, moto ukachuluka amangolira osasankha nyimbo.

Mwanayu akunyamuka Lamlungu pa 23, sitima ya m'mawa. Kapepala ka lero kakuti wapeza kale galimoto yomufikitsa ku siteshoni, ndisavutike. Mawu akuti ndisavutike amenewo ndawawerenga kakhumi. Sindikudya bwino ngati mmene ndalembera pamwambapa. Ndimaphika za anthu awiri n'kudyera choimirira.

Pempho langa ndi ili. Mukalandira kalatayi muimbireni. Musandiikire kumbuyo, ndipo ndikudziwa kuti simunaganizeko n'komwe zotero. Mungomuuza zimene ine zikundikanika: kuti ntchitoyo anaipeza yekha, ndi mutu wake ndi miyezi yake isanu, kuti ine chimene ndinaikapo ndi ndowa basi. Mumuuze kuti pa mphindi zisanu ndi imodzi zija ndinkagwira mpando ndi manja onse awiri, ndipo sindinaonepo munthu wogwira ntchito yake bwino chotero, ngakhale ine amene.

Kenaka mumupemphe andilole ndimunyamulire chikwama mpaka mu sitima. Sindipempha kuti andikhululukire tsiku lomwelo. Chikwama chokha. Mumuuze kuti foni ndiisiya kunyumba, ndipo ndikhala chete kuchokera pa geti mpaka sitima itanyamuka. Inu mukudziwa kuti chikwatirane sindinalonjezepo chinthu chachikulu chotero.

Mundiperekere moni kwa Tanmay ndi Ketaki, ndi kwa makolo a Ketaki akaimba foni. Khandalo mulipsompsone pamutu m'malo mwanga. Mulungu wathu Ganapati akusungeni nonse, akupatseni mphamvu, ndipo akufewetseni mtima musanandiimbire ineyo, chifukwa ndikudziwa kuti mukatha ndi mwana mubwera kwa ine.

Ndine mwamuna wanu,
Digambar