Kansalu Kopukutira Laputopu ya Pasikelo

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Mankhwala aja muzimwa mpaka athe, osati kuwasiya bondo likangopepuka pang'ono monga mumachitira. Ine kuno thupi lili bwino, chifuwa cha fumbi chija chinasiya. Koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuimbirani, kawiri konse ndadula isanaitane. Pakamwa nkhaniyi ikundikanika. Khalani pansi amayi, muwerenge modekha, chifukwa ndi ya achemwali, mwana wa amayi aang'ono, amene anandilandira m'chipinda chawo kuno n'kundipezera ntchito. Zija ndinakuuzani za iwo mwezi watha, zakuti akundichitira nsanje ndipo akufuna kundichotsetsa ntchito, sizoona. Ndiyambe poyambira kuti mumvetse.

Ntchito yanga ndi ya pasikelo, pa kampani yoswa miyala. Lole ikalowa yopanda kanthu ndimaiyeza, ikamatuluka itadzaza ndimaiyezanso, n'kupatsa dalaivala tikiti yotulukira pageti. Ndimakhala m'kachipinda ka malata m'mbali mwa sikelo, kawindo kamodzi, fumbi mpaka m'mano. Ine ndimagwira m'mawa, masiku onse kupatula Lamulungu. Masana a Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amandilandira achemwali. Masana a masiku enawo amalowa bambo wina wachikulire, tonse timangowatchula kuti Madala.

Miyezi iwiri yapitayo anatichotsera kompyuta yakale n'kutipatsa laputopu. Pamwamba pa mabatani a zilembo pali mzere wa timabatani tolembedwa F1, F2, mpaka F12. Ndikadina F2, kulemera kwa lole kumalowa. Ndikadina F8, zonse zimasungika, tikiti n'kutuluka. Zala zanga zinazolowera moti ndimadina maso ali pawindo. Koma timabatani timeneti tili ndi ntchito ina yachiwiri, yojambulidwa ndi tizithunzi: pena kadzuwa, pena kasipika, pena kandege.

Ndiye zinayamba. M'mawa wina ndinadina F2, kulemera osalowa, laputopu inangotsitsa mawu. Ndinadina F8, m'malo mwa tikiti panatulukira kandege, netiweki n'kuduka, sikelo ndi laputopu osamvananso. Ndinayesa batani lina, sikirini inada bii. Kunjaku malole anali atandanda mpaka kumsewu, mahutala akulira. Dalaivala wina anabwera kudzamenya malata ndi sipanala, akufunsa ngati kampani yalemba ntchito munthu kapena chithunzi. Amayi, thukuta linali kamukamu.

Mawa lake zonse zinali bwinobwino, ngati sipanachitike kanthu. Mkuja lake zinayambiranso. Zinkangotero, tsiku labwino, tsiku loipa. Masiku oipawo ndinkayeza ndi mausi, kudina apa ndi apo pang'onopang'ono, koma m'mawa malole ndi ambiri, ndipo chala chikangoiwala n'kugwa pa F8, netiweki yapita. Tsiku lina malole awiri anatuluka osasungika m'makina. Abwana anandiitanira ku ofesi n'kundikumbutsa kuti ndikadali pa miyezi yoyeserera, ndipo kunja kwa geti kuli anthu ambiri odziwa kudina mabatani. Anaitana mayi wokonza makompyuta kawiri, koma maulendo onse awiri anafika pa tsiku labwino, n'kupeza palibe vuto. Abwana anayamba kundiyang'ana ndi diso lina.

Kenako ndinaona chinthu pa kalendala. Masiku oipa anali Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Onsewo ndi masiku amene dzulo lake masana pasikelo panali achemwali. Ndinawafunsa, iwo anati sanaonepo vuto ngakhale tsiku limodzi, mabatani amawamvera bwinobwino. Madala nawo anati sakudziwa kanthu, paja iwo mzere wa pamwambawo saukhudza n'komwe, zonse amachita ndi mausi. Ine ndinaphatikiza ziwiri ndi ziwiri. Ndinakumbuka kuti ntchito ya m'mawayi inali yawo, anandisiyira ine kuti ndisamavutike ndi basi yamadzulo, ndiye ndinati basi, akuifunanso, koma akuchita manyazi kunena.

Ndinapsa mtima amayi, inu mukundidziwa ndikapsa mtima. Ndi tsiku lija ndinakuimbirani ndikulira. Ndipo m'mawa mwake ndinatenga kalendala yanga yochongachonga kupita nayo kwa abwana. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Lachisanu la sabata yatha anawaitana achemwali n'kuwauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka nkhani ifufuzidwe, ndipo ikapezeka yoona asabwerenso. Zaka zisanu ndi chimodzi agwira pamenepo osalandirapo ngakhale kalata ya chenjezo. Anabwera kuchipinda, anavula nsapato, n'kukhala pabedi atayang'ana khoma. 

Loweruka linali loipa, ine n'kumati eya, ndi zomwe anasiya dzulo. Lolemba linali labwino, ndinapuma. Lachiwiri ndinadina F8, kandege kaja n'kutulukira. Achemwali anali atatha masiku anayi osaponda pakampani.

Mtima wanga unagwa pamenepo. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndawalakwira. Koma abwana atabwera kudzaona mzere wa malole, mukudziwa ndinati chiyani? Ndinati mwina achemwali anasiyamo kanthu m'makinamo kamene kakugwirabe ntchito. Ndinanena ndi pakamwa pangapa, ndikudziwa kuti ndikunama, chifukwa cha mantha a ntchito yanga. Madzulo ake ndinadya chakudya chimene achemwali anaphika, n'kukhala chete. Lachitatu ndinakhalanso chete.

Lachinayi ndinafika m'mawa n'kupeza mayi wokonza makompyuta uja atakhala pa kabokosi pakhomo la kachipinda kanga, geti asanatsegule. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amayenda ndi tiyi wake m'botolo. Anati lero sakhudza chilichonse, ine ndingochita zonse monga ndimachitira tsiku lililonse, iye aziona. Ndinayatsa laputopu. Podikira kuti idzuke ndinatulutsa m'chikwama kansalu kofewa kaja munandipindira m'mphepete ndikunyamuka, kuti ndipukute fumbi. Ndinagwira pakona ya m'munsi ndi chala chachikulu kuti laputopu isaterereke patebulo, n'kuyamba kupukuta kuchokera pakona ya pamwamba, kamodzi kokha, mbali imodzi. Paja munatiphunzitsa kuti fumbi sapukuta mobwerezabwereza, umangolizunguliritsa.

Mayi uja anandigwira dzanja n'kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza. Anati ndiyang'ane batani la pakona ya pamwamba, lolembedwa Esc. Lili ndi kachithunzi ka loko ndi kanyali kakang'ono ngati njere ya mchenga, komwe ine sindinakaonepo miyezi iwiri yonseyi. Ndikapukuta kankayaka, ndikapukutanso kankazima. Chala changa chachikulu chinali chitakanikiza batani lina la pakona ya m'munsi, lolembedwa Fn. Anandifotokozera kuti mabatani awiriwo akadinidwa pamodzi amatembenuza mzere wonse wa pamwamba: ukadina kamodzi timabatani timasiya ntchito ya pasikelo n'kuyamba ya tizithunzi, ukadinanso timabwerera. Ine ndinkapukuta kamodzi m'mawa uliwonse. Lolemba ndinkakonza, Lachiwiri ndinkaononga, Lachitatu ndinkakonza. Achemwali ankaipeza ili bwino chifukwa masiku awo anali omwe ine ndakonza ndekha osadziwa.

Ndinayang'ana kansalu kali m'manja mwanga. Mayo ine!

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi. Anazimitsa laputopu, n'kuiyatsanso atadina batani lina, panatuluka tsamba la buluu, anasinthapo mzere umodzi kuti ikamayaka timabatani tiziyambira pa ntchito ya pasikelo. Anandiuza kuti kandege kakadzatulukiranso ndidzangodina Fn ndi Esc pamodzi, ndipo ndizipukuta laputopu ili yozimitsa. Kenako anamwa tiyi wake n'kunena kuti iye kwa abwana akalemba zoti makina akonzeka basi, ntchito yake ndi ya mabatani. Anati wamva kuti pali munthu ali kunyumba chifukwa cha nkhaniyi, koma zimenezo ndi zanga, ndidziwa ndekha chochita. Anatuluka, alonda n'kutsegula geti.

M'mawa umenewo ndinayeza malole makumi anayi ndi mphambu, mabatani akumvera ngati kale. Ndikanatha kukhala chete amayi. Makina akanakhala abwino, aliyense akanati zatha chifukwa wosokoneza anachoka. Ndinaganizadi zimenezo, sindikubisirani. Ndinaganiza za chipinda, za basi yobwerera kwathu ndilibe ntchito, za anthu momwe akandionere. Madala atabwera masana ndinatuluka mpaka kukafika pageti. Ndinaima pamenepo, kenako ndinabwerera ku ofesi.

Ndinawauza abwana zonse, za kansalu, za chala, ndi za bodza la Lachiwiri lija. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti kalata yochotsa achemwali inali italembedwa kale, ikungodikira kusainidwa Lachisanu. Anaitulutsa m'dilowa n'kundionetsa. Anati kulakwitsa batani si mlandu, aliyense amalakwitsa, koma kuloza munthu chala kawiri, kachiwiriko ukudziwa, ndi nkhani ina. Abwanawo awaimbira foni achemwali kuti ayambe ntchito mawa Lolemba. Za ine anati ndizigwirabe, adzandiuza kumapeto kwa mwezi miyezi yoyeserera ikatha. Sindikudziwa kuti zidzatha bwanji, ndipo ndikuchita mantha. Koma zimenezo sizomwe ndalembera kalatayi.

Madzulo a Lachinayi lomwelo ndinagwada pamaso pa achemwali m'chipinda mwathu, n'kuwauza monga ndakuuzirani inu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anamvetsera mpaka kumapeto akusita malaya awo a kuntchito. Atamaliza anaimika ayironi n'kunena kuti ntchito abwana abweza, koma nanga zimene amayi awo anamva pamaso pa anthu, abweza ndani? Ndi pamene ndinadziwira kuti nditakuimbirani foni muja, inu munapita kwa amayi aang'ono n'kuwalalatira pakhomo pawo, anthu oyandikana nawo akumva, kuti analera mwana wanjiru. Achemwali anazimva tsiku lomwelo kwa amayi awo akulira, ndipo masabata onsewa ankandiphikira osanditchulira. Sindikukudzudzulani amayi, munkamenyera mwana wanu. Moto ndinayatsa ndine. Kuyambira Lachinayi sanandilankhulenso, kupatula kundiuza kuti madzi ali pamoto. Timagona mabedi oyang'anana, ndipo chipindacho chachepa.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, komabe tengani kalatayi mupite nayo kwa amayi aang'ono. Mupite nokha, musatume munthu, bondo likakuvutani achimwene akuperekezeni. Mupite masana, anthu aja anamva ali pomwepo, ndipo muiwerenge mokweza kuyambira pamwamba. Ndikukudziwani amayi, mukafika pamene ndalemba kuti ndinanama ndipo ndinakhala chete masiku awiri, mudzafuna kudumpha kuti munditeteze. Chonde musadumphe. Pamenepo ndi pamene muwerenge pang'onopang'ono.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndiponso kwa amalume, muwauze kuti mapilitsi a maso aja sindinaiwale. Azakhali muwauze kuti juzi ija ikundithandiza m'mawa pasikelo. Kwa amayi aang'ono sindikupereka moni pakalata pano. Ndidzawapatsa ndi pakamwa panga tsiku limene adzavomere kuyankha foni yanga.

Mukabwerako mundiimbire, ngakhale ndili pa ntchito, ndidzayankha.

Ndine mwana wanu,
Mzime