Thumba Lomwe Alamu Anu Anamasula

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, mbuzi zaswa ndipo denga lija lasiya kudontha.

Ndikudziwa chomwe chikukusowetsani mtendere. Mukasunga chimanga, anankafumbwe achimaliza. Mukagulitsa pano, mavenda achitenga ngati chotola. Ifenso tinkagulitsa pokolola, nthawi yomwe aliyense akugulitsa, kenaka n'kudzagula chimanga chomwecho mtengo utakwera.

Chaka chatha tinayesa matumba aja okhala ndi pulasitiki mkati. Nzeru yake ndi yosavuta: mukaumitsa bwino chimanga n'kumanga zolimba, mpweya umatha, ndipo tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Chachikulu ndi kusatsegula.

Koma alamu anu mukuwadziwa, sakhulupirira chimanga chomwe sanachigwire m'manja. Tsiku lina ndinawapeza atamasula thumba limodzi, mkono wonse uli mkati.

"Ndimangochipatsa moni," anatero.

"Moniwo ayankha ndi anankafumbwe," ndinawauza.

Thumba limenelo linafumbwa ndithu. Enawo anatidyetsa mpaka tinakololanso, ndipo otsala tinagulitsa mtengo uli pabwino.

Chaka chino matumba ndamanga ndekha. Alamu anu akutopa msanga masiku ano, ndipo kuchipatala ati tipitenso. Zinazo tidzakamba pamaso, koma musachedwe kwambiri kubwera.

Pakadali pano yesani matumba awiri okha, enawo mugulitse ngati pakufunika kutero. Zikakanika mudzandinyoze mmene mungathere, usuweni umalola.

Ndine msuweni wanu wokukondani.