Ulusi wa Pachipumi

Achemwali Thục,

Muli bwanji ku Leipzig? Kuno ku Cabramatta makina osokera akulirabe m'galaja.

Munalemba kuti Ajeremani amati nähen, kaya akusoka nsalu kaya bala. Azungu akuno amati stitch, chimodzimodzi. Kwathu paja timasiyanitsa: mawu akuti may amatanthauza kusoka malaya komanso mwayi, khâu ndi kusoka pamanja, kumene amatsekeranso khungu.

Lachiwiri amuna anga, alamu anu a Lộc, anapeza kolala nditaisoka mokhota. Anandigenda ndi sizasi pachipumi. "Uli ndi mwayi iwe," anatero, "yaphonya diso."

Dokotala amene anandisoka balalo ndinamuuza kuti ndinagwa.

Sizasiyo ndainola, ili m'thumba mwanga. Bambo athu akafunsa za ine, muwauze kuti may. Asankhe okha tanthauzo.

Mng'ono wanu,
Ngà