Nsambo Zatsopano pa Gitala la Abambo

Lolemba, 9 Juni

Abambo sanadyenso. Phala ndalitenthetsa kawiri, kenako ndadya ndekha nditaimirira pasinki.

Chitulukire m'chipatala amangogona choyang'ana kukhoma. Sitiroko inawapha mbali ya kumanja, mkono ndi mwendo, pakamwa n'kupotoka pang'ono. Adokotala akuti kulankhula atha, kungoti sakufuna. Akutinso akapanda kuyamba kudya pofika Lolemba likubwerali, abwerera kuwodi kukawaika chubu cha m'mphuno. Ananena abambo ali pomwepo. Sanaphethire n'komwe.

Azakhali akamabwera kudzawaona amayambira pageti kulira. Ine ayi. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kusintha nsalu za pabedi, kenako kusaluni kukaluka anthu tsitsi. Sindikumva chisoni, sindikumva mantha. Mumtima mwangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali.

Lachiwiri, 10 Juni

Kasitomala wandifunsa kuti mdala akupeza bwanji. Ndati akupezako bwino. Mizere ya m'mutu mwake yatuluka yowongoka bwinobwino.

Lachitatu, 11 Juni

Posesa kuseri kwa wadirobu ndagwetsa gitala. Lalira nyumba yonse. Nsambo ziwiri zinaduka kalekale, zotsalazo dzimbiri lokhalokha.

Pamene linagwa, phewa la abambo linagwedezeka. Sanatembenuke, koma ndinaona.

Gitala limeneli ndi lomwe linatilera. Zaka zonse ankaimba m'bandi ya kuhotela, ndipo m'nyumba muno munthu ukanatha kuswa mbale, kuswa windo, koma osati kuligwira. Ndili mwana ndikangoliyandikira ankati, "Chotsa zala zamafutazo." Lero ndaligwetsa mpaka kulipalasa kumsana, mwini wake chete.

Azakhali akuti, "Kalibise, mwana iwe, ungowapweteka mtima." Ndati chabwino. Ndalisiya pampando wa m'khitchini, ndipo likadali pompo.

Lachinayi, 12 Juni

Ndagula nsambo. Chifukwa chake sindikuchidziwa, miyendo yangokhotera m'shopu ya zoimbira. Wogulitsa akuti, "Zopyapyala kapena zonenepa, asisi?" Ndati zilizonse. Wandiyang'ana ngati ndatukwana.

Phala labwerera momwe linapitira.

Lachisanu, 13 Juni

Ndaimbira foni a Besi, mnzawo wa abambo wa m'bandi muja. Dzina lawo lenileni ndinaliiwala, aliyense amangoti a Besi. Anasamukira kutali kwa mwana wawo, kubwera sangathe.

Akuti, "Iwe ukufuna kuika nsambo? Pa gitala la mkulu uja? Dziko latha basi." Aseka mpaka kutsokomola, kenako andifotokozera. Kumutu kwa gitala kuli tizitsulo tokungira nsambo, iwo amati makutu. Lililonse lili ndi kamtengo kachitsulo kokhala ndi kabowo. "Ulowetse nsambo pakabowopo, koma usakoke yonse, usiye yolendewera pang'ono kuti upeze chokulunga. Ukamapotoza khutu, mkombero woyamba upite pamwamba pa kabowo, inayo pansi, yoyalana bwino, osakwerana. Ikakwerana gitala silisunga mawu. Iwe suja umaluka tsitsi? Sizingakukanike."

Kenako afunsa ngati abambo amawatchula. Ndati satchula aliyense. Ayamba kulira pafoni, bambo wamkulu ndithu. Ndadikira kuti amalize, ndikuyang'ana nyerere zikukwera khoma.

Loweruka, 14 Juni

Saluni yodzaza, msana ngati si wanga. Nditaweruka ndakhala patebulo la m'khitchini ndi gitala.

Nsambo yoyamba, yonenepa ija, yapulumuka kangapo. Yopyapyala yandibaya chala mpaka magazi. Ndangowayang'ana akutsika, osamva kupweteka, n'kupukutira pasiketi. Koma zonse zalowa. Mikombero yoyalana bwino, woyamba pamwamba, inayo pansi, monga ananenera a Besi. Tinsonga totsala ndimati ndidule ndi chowengera zikhadabo, chabenthuka pa yoyamba yomwe. Ndatisiya choncho, gitala langokhala ndi ndevu ngati mphaka.

Ndalongedza chikwama cha kuchipatala. Thawulo, sopo, mapijama, kapu yawo yapulasitiki. Chili pakhomo.

Lamulungu, 15 Juni

M'mawa nditawasambitsa ndinaika gitala pabedi, kumbali ya dzanja lamanzere, lomwe likugwirabe ntchito. Ndinati, "Ndaika nsambo zatsopano, koma kuchuna sinditha." Ndinapita kukachapa.

Ndili mkati mofinya nsalu ndinamva nsambo imodzi italira. Ndinaima pakhomo la chipinda, manja ali thovu. Abambo anali atachoka kukhoma kuja. Anakhudza nsambo ndi chala chachikulu, kenako dzanja linakwawa lokha mpaka kumutu kwa gitala, n'kupotoza khutu momwe lakhala likupotozera moyo wawo wonse. M'malo mokwera, mawu anatsika. Anapotozanso. Nsambo inangoti lende. Anayesa ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi.

Anakokera mutu wa gitala pafupi ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali, mphuno zikutukuka. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndi ya tsiku lomwe ndinapaka wailesi yawo utoto wa zikhadabo.

"Nda... ndani wakulunga izi?"

Mawu olemera, ngati ali ndi madzi m'kamwa. Koma awo.

"Ine, abambo."

"Chobwerera. Zonse."

"A Besi ananena kuti woyamba pamwamba..."

"Besi!" Malovu anadontha, sindinawapukute. "Nsambo imadutsa mkati. Mkati! Osati kunja. Mwana wa ndani iwe?"

A Besi za mbali yozungulizira sananene, nanenso sindinafunse. Ndinakulunga zisanu ndi imodzi zonse mokongola, molakwika.

"Masula," anatero.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kumasula. Mwayi wake sindinadule ndevu zija. Iwo anagwira nsambo ndi dzanja lamanzere kuti ikhale yokungika, ine ndikupotoza khutu. Ndikafulumira ankati "pang'ono." Mkombero ukafuna kukwera pa unzake ankandimenya pachala ndi chikhadabo. Zala zamafuta zija lero zaloledwa.

Azakhali anafika akuchokera kutchalitchi. Ataona mchimwene wawo atatsamira pilo, gitala pamiyendo, anagwira chitseko n'kuyamba kulira. Abambo osawayang'ana n'komwe: "Phokoso, achemwali. Tikuchuna."

Ziwiri zinatheka. Pa yachitatu dzanja lawo linatha mphamvu, nsambo n'kuwapulumuka. Anaigwiranso, inapulumukanso. Ndinaganiza kuti basi, abwerera kukhoma. Analiyang'ana dzanjalo, kenako anandiyang'ana ine mokwiya ngati mphamvuzo ndawabera ndine.

"Phala lako lopanda shuga lija lilipo?"

"Lilipo."

"Bweretsa. Zatsala zinayi izi."

Popita kukhitchini ndinapunthwa pa chikwama cha kuchipatala chija, ndinangochikankhira pambali ndi phazi. Ndayatsa mbaula, ndaika poto. Machesi anandigwa kawiri. Ndikulemba izi nditaimirira, ndikudikira kuti phala litenthe, ndipo kuchipinda nsambo yonenepa ikulira, kulira, yokha.

Chala chomwe ndinadzibaya dzulo chija chayamba kupweteka tsopano.