Mipando Iwiri Yokha

Okondedwa Achimwene,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi ndi mawu amene ndalakwitsa. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira. Pomwe pakukuvutani muwapatse alamu, iwo amazitha zolemba zanga.

Kaya muli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Msana uja unaleka kukuvutani? Kuno ine ndilipo, kungoti tulo ndi tosowa. Mng'ono wanu Mzime ali bwino, wanenepa. Bambo sali bwino.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula. Ndikangoyamba mumati wayambatu Nankhawa, kenako mumaseka, ine mawu n'kundithawa. Pepala silidula munthu pakamwa. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Adokotala akuti mapapo a Bambo anadyeka ndi penti amene ankapuma zaka zonse zija akupopera magalimoto a anthu. Tsopano amakhala ndi botolo la mpweya pambali, lachitsulo, lalitali kufika m'chiuno mwanga. Lachinayi lililonse amayenera kupita kuchipatala kuti akawachotse madzi m'chifuwa. Akadumphitsa amapuma ngati munthu amene akumira.

Kale tinkawanyamula pa Bulu, vani yanu ija munatisiyira. Inali yonyansa, chitseko chomanga ndi waya, koma ndinkayala matiresi kumbuyo, kuwatsamiritsa pa mapilo, botolo n'kulimangirira kumpando ndi lamba. Tinkafika bwinobwino.

Inu munamulola Mzime kugulitsa Bulu chifukwa anakuuzani kuti akugula galimoto yabwino. Sananame. Koma simunamufunse kuti yabwino pa chiyani. Iye anagulitsa gawo lake la sitolo ya mafoni ija, n'kuphatikiza ndi za Bulu, zonse n'kuzithira pa chinthu chimodzi.

Inabwera itanyamulidwa pa lole ngati wodwala. Anthu a mumsewu wathu anatuluka kudzaonerera. Lole inachita kubwerera chambuyo mpaka pakhomo la galaja, chifukwa galimotoyo singawoloke kangalande ka pageti kaja. Mimba yake ili pafupi ndi pansi moti chikhatho changa chimangolowa movutikira.

Sindikunamizani, ndi yokongola. Zithunzi zimene anakutumizirani, zija munayankha kuti mwana wakula, sizikunena zonse. Ukaima kutsogolo imaoneka yofiira, ukasuntha pang'ono imada ngati magazi ogona. Zitseko zimatsekukira m'mwamba ngati mapiko a chiwala. Nyali zake n'zopyapyala ngati maso a mphaka wokwiya. Injini ili kumbuyo kwa mipando, pansi pa galasi, ngati katundu wa pawindo la sitolo. Mipando ndi yachikopa choyera ngati mkaka, akuti anasoka ndi manja. Pafupi ndi chiwongolero pali kachitsulo kolembedwa nambala, poti akuti padziko lonse anapanga mazana atatu okha, ndipo sadzapanganso.

Koma mipandoyo ndi iwiri yokha, Achimwene. Ndinasuzumira kumbuyo kufuna wachitatu, ndinangopeza injini.

Ndinamufunsa Mzime kuti botolo la Bambo lizikhala pati. Anatsekula kutsogolo n'kundionetsa kadzenje kolowa chikwama chimodzi. Anati achemwali, iyi si ambulansi. Ndinati nanga ndi chiyani? Anati ndi nkhokwe. Akuti anthu olemera akuilimbirana, ndipo chaka ndi chaka mtengo wake uzikwera, pamene ndalama zosunga kubanki zimangosungunuka. Koma akuti uzikwera pokhapokha ngati galimotoyo siyenda. Muli kawotchi kowerenga mtunda, ndipo kakangosuntha mtengo umatsika.

Ndinafunsa kawiri poganiza kuti sindinamve bwino. Galimoto imene ubwino wake ndi kusayenda. Ndinati ndiye bwenzi utangogula mwala, suchita dzimbiri. Anati vuto losiyira sukulu panjira ndi limenelo. Mawu amenewo anandipweteka, poti nonse mukudziwa kuti ndinasiya kuti ndizimubereka iyeyo Mayi atamwalira.

Musaganize kuti sindinayese njira zina. Watakisi woyamba ataona botolo anati liphulika, n'kubwerera. Wachiwiri anatitenga, koma Bambo sangathe kukhala chowongoka ulendo wonse uja. Anafika milomo itachita bii, anamwino n'kundikalipira ine pamaso pa anthu. Ambulansi ya chipatala imabwerera amene agwa kale, osati wongopita kukaonana ndi dokotala pa tsiku lake.

Aneba athu ogulitsa nyama anatithandizapo ndi vani yawo. Anaitsuka, koma fungo silinachoke, ndipo ngowe zokolekera nyama zinkalendewera pamwamba pa Bambo. Iwo anaseka n'kuwafunsa anebawo kuti kodi akuwagula pa kilo kapena athunthu. Ine sindinaseke. Tsoka lake, Lachinayi ndi tsiku limene anebawo amakatenga katundu wawo, ndiye sangamatinyamule nthawi zonse. Bambo adumphitsa kale kawiri motsatizana.

Mzime amangoti agula kavani kotchipa zinthu zikayenda. Koma kalikonse kamene wapeza kakumapita ku inshuwalansi, ku makamera, ndi ku kamakina kena kochotsa chinyontho kamene waika m'galaja. Galimoto ili ndi makina ake oisamalira mpweya usana ndi usiku. Bambo ali ndi botolo limodzi limene ndimaliyang'ana ngati mphika wapamoto.

Wofuna kugula alipo. Ndi bambo wina wamimba amene amagula ndi kugulitsa magalimoto otere. Ine ndimamutcha Wamagolovesi, chifukwa asanaikhudze amavala magolovesi oyera. Anaizungulira, anagwada, anainunkhiza m'kati, kenako anati akhoza kuitenga lero lomwe, koma pa mtengo wotsikirako pa umene Mzime anagulira. Mzime anakana. Akuti adikira zaka ziwiri kuti adye phindu.

Ndikumupatsa madzi akumwa ndinamufunsa Wamagolovesi pambali ngati n'zoona kuti mtengo udzakwera. Anati mayi, izi zili ngati mvula. Zina zimakwera mpaka mwini wake amamanga nyumba. Zina kampani ikatulutsa yatsopano yokongola kuposa, anthu amaziiwala. Ndinati nanga iyi? Anangotambasula manja.

Zaka ziwiri, Achimwene. Adokotala sanandiuze kuti Bambo atsala ndi nthawi yotani, koma ndikawafunsa amayang'ana pa mafayilo awo.

Ndinkaganiza kuti Bambo akhala mbali yanga. Ndinalakwa. M'mawa uliwonse amapempha kuti ndiwakhazike pa mpando m'galaja, botolo pambali. Mzime amavundukula chinsalu, iwo n'kumangoyang'ana. Amayendetsa kuseri kwa dzanja pafupi ndi chitseko, osakhudza. Akuti palibe fumbi ngakhale limodzi limene linagwera pentiyo ali wamuwisi, palibe pamene pentiyo anayenderera ngati misozi, ndipo ukamuyang'ana amaoneka wakuya ngati chitsime. Akuti moyo wawo wonse ankafunafuna mtundu umenewu koma sunawatulukire, ndipo amene anapopera akanakonda kumugwira chanza.

Nditawauza za Lachinayi anati ndimusiye mwana. Anati mwana wa wopopera penti wagula chimene mabwana awo onse sanachionepo, ndiye ine ndikufuna achigulitse motaya chifukwa cha chifuwa cha nkhalamba? Anati munthu sagulitsa chatsopano kuti akonze chakutha. Ndinapita kubafa kukalira kuti asandimve.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndachita, poti zikundilemera. Ndinaba kiyi wa galimotoyo, kanthu kangati bokosi la machesi, n'kumubisa m'chitini cha shuga. Ndinkati Mzime akamufuna adzakhala pansi timvane. Sabata yonse inatha, palibe anazindikira. Kiyi wa galimoto yosayenda amufuna ndani? Ndinakamubweza ndekha.

Chachiwiri n'choipa kwambiri. Tsiku lina masana Mzime atachoka ndinalowa m'galaja ndi msomali m'manja. Ndinkaganiza kuti ikakandika mtengo ugwa, iye ataya mtima n'kuigulitsa. Ndinavundukula chinsalu. Koma ndinakumbukira kuti woyamba kuona chilondacho adzakhala Bambo, m'mawa, ali pa mpando wawo uja. Ndinavundikiranso. Msomaliwo ukadali m'thumba la epuloni yanga.

Lamulungu lapitali Bambo anapempha kuti akhaleko m'kati, amve kulira kwa injini. Mzime anakondwa ngati mwana. Anawaveka mapepala apulasitiki kumapazi, ndipo tonse awiri tinawatsitsira pa mpando uja. Ndi wotsika moti maondo awo anafika pachifuwa. Botolo silinalowe, ndiye ine ndinaima nalo panja, kapaipi kakudutsa pakhomo. Chitseko cha galaja Mzime anangotsekula theka, kuopa fumbi la mumsewu.

Atailiza, malata onse ananjenjemera, agalu a kwa aneba n'kuyamba kuuwa. Bambo anaseka. Kuseka kwenikweni, mano onse panja, kumene sindinakuone chiyambire matendawa. Anamukodola Mzime kuti apondenso moto. Anapondanso. Utsi unadzaza m'galaja. Ndinakuwa kuti azimitse koma mawu anga sanamveke.

Kenako chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka magazi anatuluka, n'kugwera pamalaya, ena pa mpando woyera uja.

Mzime anazimitsa, anadumpha, n'kuthamangira pa shelefu kukatenga kansalu. Ndinkati akudzawapukuta Bambo. Anagwada n'kuyamba kupukuta mpando. Anapukuta kamodzi, kawiri, Bambo akubanika pamwamba pa mutu wake. Atadzutsa maso anapeza ine ndikumuyang'ana. Pamenepo m'pamene anatembenuza kansalu komweko n'kuwapukuta pakamwa.

Kuwatulutsa kunatikanika awirife. Mpandowo umamugwira munthu ngati chikhatho. Tinachita kuitana aneba a nyama aja, amene anawakumbatira m'khwapa n'kuwazula.

Madzulo ake ndinamupeza Mzime kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, akulira ngati mmene ankachitira ali wamng'ono, chala chili pakamwa. Sindinamufunse kuti akulirira chiyani. Sindikufuna kumuweruza, ndinamulera ndine. Mwina ankalirira Bambo, mwina mpando, mwina ankalira chifukwa chodziona mmene ndinamuonera ine. Magaziwo analowa mu ulusi wa msoko ndipo sakuchoka. Mzime akuti Wamagolovesi asauzidwe.

Kuyambira tsiku limenelo Bambo sanadzuke pabedi. Dzulo anamuitana Mzime ine ndili pomwepo ndikusintha mapilo. Anamuuza kuti asadandaule za mpando, apake sopo wofewa ndi mswachi wakale. Kenako anapempha chinthu chimodzi. Anati tsiku limene adzawatulutse m'nyumba muno komaliza, galimoto yofiirayo idzatsogole, iyende pang'onopang'ono kuti anthu adzaione bwino padzuwa.

Mzime anavomera msangamsanga. Anati adzayala matabwa pa ngalande ya pageti, ndipo kawotchi kaja sadzakayang'ana n'komwe.

Ndinatuluka naye pakhonde. Ndinati ndiye kuti maliro a Bambo ndi okwanira kuyendetsa galimoto, koma moyo wawo ayi? Anati achemwali, ngakhale nditayala matabwa mawa, botolo sililowa, Bambo sangakhalemo. Ndinati n'chifukwa chake ndikuti uigulitse. Anati mwawamva nokha eni ake, akuifuna pa tsiku lawo. Tsopano ali ndi chobisalira, ndipo amupatsa ndi Bambo omwe.

Achimwene, ine nzeru zandithera. Sindikudziwa ngati galimotoyi ndi chuma kapena ndi tsoka lopakidwa penti wabwino. Mwina pakatha zaka ziwiri Mzime adzalemeradi, ine n'kukhala chitsiru cha pabanja. Ndilolera. Chimene ndikudziwa n'chakuti Bulu, ndi chitseko chake cha waya, ankawafikitsa Bambo kwa dokotala.

Ndikukupemphani mumuimbire Mzime. Inu amakuopani, ine amangondiona ngati wantchito wodandaula. Musamutukwane, akatukwanidwa amauma mutu. Mumuuze kuti alandire mtengo wa Wamagolovesi, agule vani ina iliyonse yolowa matiresi, zotsalazo asunge. Mulankhulenso ndi Bambo, muwauze kuti ana awo akufuna iwowo, osati mdipiti wokongola. Bulu anali wanu, ndipo munavomera ndinu kuti apite, ndiye nkhaniyi ndi yanunso. Ngati mungathe kupempha tchuthi kuntchito, bwerani. Musadikire kuti ndikuitaneni ndi uthenga winawo.

Za kansalu ndi za msomali zikhale pakati pa inu ndi ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi anatumiza ija Bambo akuivala. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'ono amene sanawaonepo agogo ake. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mawu oyenera.

Pamene ndikutseka kalatayi galimoto sinagulitsidwe, Wamagolovesi akuti sadikira mpaka kalekale, ndipo Bambo akupuma mokoka. Lachinayi likubwera, ndipo sindikudziwa kuti tidzawanyamula pa chiyani.

Ndine mlongo wanu,
amene mumamutcha Nankhawa