Pijo Yathu Yasintha Nambala

Katete, Zambia
21 Ogasiti 1988

Okondedwa achimwene Hussein,

Asalamu aleyikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino inu, alamu anga a Mwajabu ndi ana onse kumeneko ku Dedza. Ife kuno tili bwino, kungoti mwendo wa alamu anu, bambo a Sharifa, umawavutabe kukazizira. Kalata yanu tinalandira Idi itangodutsa. Ndachedwa kuyankha, koma si ulesi ayi. Ndimati ndikagwira cholembera, ndimasowa poyambira.

Ndiyambe ndi chimene mukufunitsitsa kumva. Sharifa anachira, ndipo kwabadwa mwana wamkazi. Tamutcha Asiyatu, dzina la amayi athu. Koma kuti mumvetse mmene anabadwira, mundilole ndikukumbutseni za galimoto yathu, Pijo yoyera ya bokosi kumbuyo ija.

Mukukumbukira tsiku tinanyamuka mu 1974? Amayi anakakamiza kuti tikweze thumba la mbatata ya kachewere ngakhale malo anali atatha, ndipo inu munakhala pamwamba pa katundu mpaka pa Mchinji, mutagwira Sharifa kuti asagwe. Alamu anu a Haruna anauza aliyense kuti, "Zaka ziwiri zokha, tikangopeza mpamba tikubwera." Ndiye galimotoyo inalowa m'Zambia ngati ya mlendo wongodutsa. A kasitomu anatipatsa chipepala cha miyezi yowerengeka, chikatsala pang'ono kutha tinkayenera kutuluka pa Mwami, kufika ku Mchinji, n'kulowanso kuti atipatse china. Inshuwalansi tinkadula ku Lilongwe, ndi kapepala kena koonjezera koti igwirenso ntchito kuno.

Anzathu ankatiseka kuti tikudzivutitsa, koma kwa ife maulendo amenewo anali ngati Idi. Sharifa ankavala diresi yake yabwino. Tikangodutsa chipata, alamu anu ankatsitsa galasi n'kupuma mpweya kwambiri ngati wa mbali ino ya msewu ndi wina. Nthawi zina tinkafika kwanuko, mukudziwa. Koma nthawi zambiri sitolo sinkalola, ndiye tinkangokhala pansi pa mtengo wa mango pa Mchinji, kumwa tiyi, kugula masamba a tiyi oti tikamwere kunyumba, kufunsa za mvula, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Masiku amenewo tinkapitanso ku Vubwi kukagulitsa mchere, parafini ndi zitenje, pobwera titadzaza mtedza. Kumeneko anthu amayankhula ngati kwathu kwenikweni. Azimayi okwatiwa kuchokera ku Malawi akangoona nambala ya galimoto ankasiya makasu n'kuthamangira kumsewu. "Kwathu kuli bwanji? Chimanga chacha?" Ena ankatipatsa makalata, ena timaphukusi ta makolo awo. Alamu anu sankakana ngakhale mmodzi. Ndikaganiza za masiku amenewo ndimamva fungo la mtedza wouma ndi fumbi lofiira lija linkatilowa mpaka m'mano, ife tikungoseka.

A Reuben, aphunzitsi amene tinayandikana nawo nyumba, anawauza kambirimbiri kuti, "Che Haruna, lembetsani motokayi kuno. Ana anu akulira kuno, malonda anu ali kuno." Iwo yankho linali limodzi: "Ndisinthirenji nambala poti chaka chamawa ndikupita kwathu?"

Chaka chino mwendo unawagwira mvula ili mkati, moti sankatha kuponda kalachi. Ulendo wa ku Mwami unalephereka. Chipepala cha kasitomu chinatha, inshuwalansi nayo inatha, galimoto inangokhala kuseri kwa sitolo, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Komanso mukudziwa za nkhondo ya ku Mozambique. Anthu othawa akubwera ambiri, ndipo apolisi anatseka msewu ndi migolo pafupi ndi mphambano yopita ku Chanida.

Mmawa wina mu Juni, dalaivala wa lole anatipatsa uthenga wochokera kwa mkamwini wathu Waziri ku Sinda, kumene iye ndi Sharifa ali ndi kagolosale. Anati Sharifa matenda amuyamba, ndipo anamwino a kumeneko anena kuti mwana sanagone bwino, apite naye kuchipatala chachikulu cha kuno ku Katete. Alamu anu sanafunse kawiri. Anatenga ndodo yawo, anyamata a pamsika anatikankha, Pijo inalira. Ndinaitana Ottilia, mnzanga wogulitsa tomato amene wathandizapo azimayi ambiri pobereka, nayenso anakwera manja ali ndi thovu la sopo.

Popita, apolisi a pamigolo anali otidziwa, anangotikwezera dzanja. Pobwera tinapeza asintha. Panali mnyamata wachilendo, mfuti ili paphewa. Anayang'ana nambala, n'kuyang'ana alamu anu.

"Mdala, motoka iyi ni ya ku Malawi. Pepa ya kasitomu ili kuti?"

Anamupatsa. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Iyi inasila kudala. Inshuwalansi nayo inasila. Ikani motoka pambali."

"Mwana wanga," anatero alamu anu, "ine ndine wa pa Katete pompano, sitolo yanga ili moyang'anizana ndi msika. Taonani kumbuyoko, mwana wanga akudwala."

"Wa pa Katete? Nanga nambala ikamba chani? Anatiuza kuti motoka ya nambala yachilendo tisaisiye. Yembekezani abwana abwere."

Sindikumunena mnyamatayo, achimwene. M'maso mwake munali mantha, osati nkhanza. Koma abwana akewo sankaoneka, dzuwa likukwera, Sharifa akubuula pamatiresi kumbuyo. Waziri anagwada pamsewu kupempha, osathandiza. Kenaka Ottilia anakuwa, "Hawa, bwera kuno msanga! Mwana uyu sadikira abwana!"

Azimayi amene ankagulitsa nthochi pamphambanopo anasiya malichero awo. Anavula zitenje zapamwamba n'kuzungulira galimoto yonse, atatembenukira kumbali, azibambo onse anawathamangitsira kutsidya kwa msewu, ndi wapolisi yemwe. Ine ndinagwira mutu wa Sharifa, Ottilia akuchita zimene amadziwa. Mulungu ndi wamkulu. Mwana anatuluka, koma ali zii. Ottilia anamupukuta, anamusisita pamsana, anamuuzira mpweya. Kenaka kanalira, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Azimayi aja anayamba nthungululu msewu wonse.

Tinamukulunga n'kumupereka kwa agogo ake aamuna kuti amuwerengere azana, mawu oitanira kumapemphero aja, m'khutu. Anaima pamenepo pamsewu wa tala, atatsamira chitseko cha galimoto, n'kumuwerengera. Wapolisi uja anavula chipewa. Koma Sharifa ankataya magazi ambiri. Ottilia atanena zimenezi, mnyamatayo anagubuduza yekha migolo, n'kudumphira kumbuyo kwa galimoto kuti wina asatiimitsenso. Kuchipatala anamulandira mothamanga. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono pokha, bwenzi nkhani ili ina. Anagona kumeneko mpaka mphamvu zitabwerera, ndipo pano akuyenda, akuyamwitsa, akuseka.

Amene sanaseke ndi alamu anu. Masiku otsatira ankati akachoka kumzikiti, ankakakhala m'galimoto okha, injini osailiza. Chakudya ankangochigwiragwira. Ndinawasiya. Tsiku lina akumwa tiyi anati, "Hawa, konza kamba wapaulendo, mawa tipita ku Chipata."

"Tikupita ku Mwami kukatenga chipepala china?"

"Ayi. Tikathera ku Chipata konko."

Apolisi anatilembera kalata yotilola kuyenda ndi galimotoyo mpaka kumeneko. Ntchito yolembetsa galimoto kuno si yamasewera, achimwene. Kwa a kasitomu tinalipira chindapusa ndi msonkho wolowetsera galimoto m'dziko, mtedza wonse umene tinasunga unathera pamenepo. Apolisi anapala injini ndi waya kuti aone nambala yake ngati si yakuba. Ena anaiyesa mabuleki ndi magetsi, anatibweza chifukwa cha nyali imodzi, tinabweranso sabata yotsatira. Alamu anu, amene mumawadziwa kuti sachedwa kupsa mtima, anaima pamizere yonseyo ndi ndodo yawo osadandaula.

Pomaliza tinalowa mu ofesi ya inshuwalansi. Tinapezamo bambo wina wa imvi, a Stanford Mbewe, munthu waulemu kwambiri. Anatipatsa mipando n'kuyamba kufunsa, akulemba. Dzina, zaka, mtundu wa galimoto, ntchito imene imagwira.

"Nanga ikaweruka imagona kuti?"

"Pa Katete, kuseri kwa sitolo."

"Chabwino. Tsono inuyo kwanu kokhazikika ndilembe kuti?"

Ndinaona milomo ya alamu anu ikukonzeka kunena Dedza, monga anenera zaka zonsezi pachipata chilichonse. Koma anayang'ana ine, anayang'ana ndodo yawo. A Mbewe anaika cholembera pansi, osawafulumizitsa.

"Lembani Katete," anatero.

"Ndilembedi, bambo?"

"Lembani. Ndinauza wapolisi kuti ndine wa pa Katete, sanandikhulupirire, ndipo mwana wanga anatsala pang'ono kufa. Sankalakwa. Ngakhale ine ndinali ndisanakhulupirire."

A Mbewe analemba, anadinda, anaimirira n'kuwapatsa dzanja.

Nambala zatsopano titazitenga, anakana kuti amakaniko a ku Chipata azimange. Tinabwera nazo kunyumba zili pamiyendo panga. Mmawa mwake anakhala pampando kutsogolo kwa galimoto ndi sipanala. Mabawuti anali atachita dzimbiri, Waziri anati awathandize, iwo anakana. Anathira parafini, anadikira, anapotokola mpaka anamasuka. Atachotsa nambala yakale ija, pansi pake penti inali yoyera mbee, monga inalili tsiku lija pabwalo la amayi, chonsecho galimoto yonse inasanduka yofiirira ndi fumbi la kuno. Pamenepo ndi pamene ine ndinalira. Kuchipatala sindinalire, koma pamenepo ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tsono pempho langa ndi ili. A Peter, dalaivala wa lole amene akupatseni kalatayi, akupatsaninso phukusi. Mulimo nambala ziwiri zakale ndi kalata ya a kasitomu a kuno. Chonde mukapita ku Lilongwe mukazipereke ku ofesi yolembetsa magalimoto, kuti aifufute m'mabuku a kumeneko. Alamu anu anafuna kukulemberani okha, anayamba kawiri konse, koma anangofika pa moni. Musawaone ngati akunyozani.

Munafunsanso ngati tibwere chaka chino kudzaumba njerwa pamalo aja mwakhala mukutisungira kuseri kwa mzikiti. Achimwene, mwawasunga mokwanira, ndipo Mulungu akulipireni. Apatseni mwana wanu wamkulu amangepo, poti wakwatira. Takambirana, ndipo onse awiri tavomereza. Kubwera tizibwera ndithu, Mulungu akalola tidzafika mwendo ukakhalako bwino, ndi Asiyatu yemwe kuti mudzamuone. Kungoti tsopano chipepala cha alendo azidzatipatsa pa Mchinji. Mukadzaona Pijo ya nambala yachilendo ikukhota pamzikiti, mudzauze ana kuti asathawe.

Musandifunse ngati ndakondwa, chifukwa sindikudziwa. Usiku ndimagona bwino kuposa kale. Koma dzulo ndikuuza Ottilia nkhani ina ndinadzimva ndikunena kuti "motoka" ngati wobadwira kuno.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Mwajabu, muwauze kuti chitenje chili m'phukusimo ndi chawo. Moni kwa azakhali ngati akumvabe, muwakuwire m'khutu kuti Hawa ali ndi mdzukulu. Moni kwa Shehe ndi onse a pamzikiti, kwa anzanga amene tinkatunga nawo madzi kumtsinje, amene atsalako. Mukapita kumanda kukalambula, mukawerengeko pemphero la duwa m'malo mwanga, mukawauze amayi kuti dzina lawo lili ndi mwini wake tsopano, ndipo ali ndi mphuno yawo yomwe ija.

Chomaliza, a Peter akamabwerera muwapatsire timbande tiwiri kapena titatu ta mpichesi wa amayi uja wa pafupi ndi khola, mutikulunge ndi chiguduli chonyowa. Zaka zonsezi sindinabzalepo mtengo pakhomo pano, ndinkati adzadya ndani. Anthu akuti kuno n'kotentha, mapichesi sangabereke. Tumizanibe. Dzenje ndakumba kale.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Hawa